Ndodo Yamiseche

Maso anga anazima pang'onopang'ono ngati nyali yotha parafini, koma miyendo uthengawo sinaulandire, inapitiriza ntchito. Ku Lungwena kuno ndinkayenda ndekha ndi kansungwi kanga: kumzikiti, kubawo, mpaka kumathandala oyanikapo usipa, kumene kuli amayi ena amasiye odziwa kuseka nthabwala za nkhalamba. Sukulu ndinaithawa aphunzitsi asanatope nane, koma njira za m'mudzi muno zidendene zanga zinakhoza mayeso.

Ndiye kunabwera alendo, anyamata awiri ndi mtsikana, ophunzira za makina kukoleji ina. Anati akupanga ndodo yothandiza osaona, ndipo sakufuna kuipanga okha, akufuna eni akefe tiikepo nzeru. Mawu okoma! Ndinavala mkanjo wa pa Idi. Mwana wanga wamkazi, amene amandisunga chimwalirireni mayi ake, anawayalira mphasa.

"Kodi agogowa amavutika ndi chiyani kwenikweni?" anafunsa mnyamata wina. Mawu akewo ndinawamva akudutsa pamwamba pa chisoti changa kulunjika pakhomo.

"Kuyendayenda," anayankha mwana wanga. "Tsiku lina tidzawavuula m'nyanja."

Ndinatsegula pakamwa, tiyi n'kufika. Nzeru zanga zinathera m'kapu.

Atabweranso anandigwiritsa ndodo yachitsulo, yozizira, yokhala ndi kabokosi pafupi ndi chogwirira. Inkalankhula, abale, mawu a mtsikana, Chichewa cha pawailesi: "Chopinga kutsogolo." Inkauzanso foni ya mwana wanga paliponse pamene ndaponda.

"Mwaikonda, agogo?"

Kwathu kuno mlendo akakupatsa nkhuku yoonda suipapasa nthiti iye ali pomwepo. Ndinati, "Eee, mwagwira ntchito, ana anga," ndikukoka "eee" uja motalika ndithu. Munthu wakuno akanamva kuti pali nkhani. Iwo anali a maboma ena, anapita akukondwa.

Mbuzi, chopinga. Ukonde woyanika, chopinga. Mnzanga wa bawo akubwera kudzandipatsa moni, chopinga. Lachisanu ndinalowa nayo mumzikiti n'kuigoneka patsogolo panga monga ndinkachitira ndi nsungwi. Anawo sankadziwa kuti ife poswali timaima phewa ndi phewa, mzere pambuyo pa mzere. Titangowerama, mawu achikazi pakati pa amuna okhaokha: "Chopinga kutsogolo. Chopinga kutsogolo." Swala ukaiyamba sungaidule kuti ukatseke ndodo pakamwa, ndipo pozimitsira panalibe. Ndinamva phewa la mnzanga wa kumanja likugwedezeka ndi kuseka, la wa kumanzere nalonso.

Titatuluka ashehe anandinong'oneza, "Achemwali anuwo sabata yamawa atsale kunyumba." Kubawo nkhani inali itafika kale. "Wabwera mkamwini! Mwakwatiranso mutakalamba, madala!"

Ndinathawira kumathandala. Ndisanamalize n'komwe moni kwa amayi aja, ndinamva mapazi owadziwa akuthamanga pamchenga.

"Ababa, foni ikuti muli kumadzi!"

"Foniyo inabadwira kuno? Madzi ali uko."

"Tiyeni kunyumba."

Anandigwira mkono ngati mwana wothawa jakisoni. Amayi aja anaseka, koma sikunali kuseka kumene ndinkakutsatira.

Ndinapempha nsungwi yanga. Mwana wanga anati ikuchirikiza chingwe choyanikira zovala. "Ndipo alendo akadzamva kuti mphatso yawo mwaitaya, nkhope tidzaiika kuti?" Kuchoka ndi yachitsulo, ndagwidwa. Kuchoka chimanjamanja, ndagwera m'dzenje. Ndinakhala pakhonde. Ndinaphunzira nkhuku zonse za pakhomo ndi mawu awo, ndi nthawi imene dzuwa limafika pabondo. Kuitanira swala ndinkakumvera pampando, ngati mayi wachikuta.

Ulendo wachitatu alendo anapeza mwana wanga atapita kumaliro ku Namwera. Mtsikana uja anakhala pansi pafupi nane, mawu ake n'kubwera kwa ine ndithu.

"Agogo, makina akusonyeza kuti simukuyendanso. Ndodo yaonongeka?"

Ndinamuzindikira. "Ndiwe unalankhula mumzikiti iwe!"

Nditamufotokozera anaseka. Ulemu ndinauika pambali tsiku limenelo. Ndinati mbuzi ndimaimva ndekha, ngakhale fungo imatumiza patsogolo. Chondipweteka ine ndi nthambi yotsika ndi waya wa m'khosi, zimene nsungwi siipeza. "Komanso ndodo yakoyi ndi yamiseche, mwana wanga. Undiikire pozimitsira, ndikafuna kusowa ndizisowa."

"Mukanatiuza kale, agogo."

"Mukanandifunsa tiyi asanafike."

Ana aja si aulesi, ndisawanamizire. Anabwera nayo itasiya kulankhula. Tsopano imangonjenjemera m'dzanja, ndipo waya imamugwira ndisanafike. Ndinapapasa chogwirira chonse, kumtunda, kumunsi.

"Nanga pozimitsira?"

Mnyamata uja anatsokomola. "Tinakambirana, agogo. Tinaopa kuti mungadine mwangozi n'kusowa zenizeni. Ndiye tapaika pafoni ya mwana wanuyu."

Mwana wanga anawathokoza kwambiri, mpaka kuwagwirira tambala.

Dzulo mphepo inabwera ndi fungo la usipa watsopano. Ndinaitana, "Iwe, tazimitsa kanthu kako kaja pang'ono."

"Mukufuna kupita kuti, ababa?"

Funso limenelo ndinasiya kuliyankha nditangotuluka ku jando. Ndinakokera mpando pamthunzi n'kukhalanso pansi.