Makoswe anayezedwa, amalume akukana

Loweruka ndinaperekeza amalume anga, ba Chanda, ku City Market. Titangonyamuka pa Kabwata, m'minibasi munakwera bambo wina wa jekete atanyamula mabotolo a madzi obiriwira.

"Aka kateteza chiwindi!" anafuula. "Anayesa pa makoswe, onse anachila!"

Amalume anagula awiri. Awatu ndi munthu amene adokotala anawauza mwezi watha kuti maso achita chikasu, asiye mowa, abwerenso kudzayezetsa magazi. Mpaka lero sanabwerere.

Ine ndili giredi 11 ndipo ndimafuna kudzakhala woyeza mankhwala, choncho ndinafunsa bamboyo mwaulemu: "Makoswewo anali angati? Nanga tsamba lili m'madzimo dzina lake n'chiyani?"

"Iwe kamwana, ndiwe loya wa makoswe?" anatero bamboyo.

Basi yonse inaseka. Amalume ndiwo anaseka kwambiri.

Lolemba ndinafunsa aphunzitsi athu a sayansi. Anati zitsamba zina zingathandizedi, n'chifukwa chake zimayesedwa. Makoswe amagawidwa pawiri. Onse amamwetsedwa chinthu chowononga chiwindi, koma gulu limodzi lokha ndilo limapatsidwa madzi a tsambalo, pamuyeso. Kenako amayeza magazi n'kuyerekeza. Zikatheka, ndiye poyambira chabe, poti khoswe si munthu. Zitsamba zina zimaononga chiwindi chomwecho.

Ndinathamangira kunyumba ndi nzeru zangazo. Ndinapeza amalume pakhonde akuthira mankhwala aja mu mowa.

"Zikakumana m'mimba," anatero, "si bwino zidziwane kunja kuno?"

Musawaseke okha. Ngakhale ku Kabulonga, kwa anthu olemera, botolo lotere ali nalo, kungoti lawo lili ndi chikalata chokongola. Tonse timakonda mawu akuti "anayesa", bola woyesedwayo akhale wina. Komatu khoswe uja poizoni amachita kumukakamiza. Kodi munamuonapo atavala nsapato, akupita yekha ku bala kukaitanitsa wina?

Ndinawauza kuti Lachinayi ndijomba masewera, ndiwaperekeze ku kiliniki. Anasiya kuseka, n'kuyang'ana m'tambula.

"Nanga akapeza chinthu, mwana wa mlongo wanga?"

Ndiwayankhe pano, poti danga lino la m'nyuzipepala amawerenga. Amalume, akachipeza Lachinayi, adokotala adzakhala pansi ndi inu n'kukuuzani chochita. Nanga mukadikira chaka chamawa, adzafotokozera ndani, inuyo kapena ife?