Pepala la Negilijensi

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma pali mawu amodzi achizungu amene ndimawadziwa kuposa ophunzira: negilijensi. Anandilembera papepala, ndipo pepalalo ndikadali nalo.

Ndinali wowotcha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Chamama, masiku a khadi la chipani. Kafunseni, tsamba la m'balani mwanga linkatuluka lachikasu ngati papaya wakupsa. Kutentha ndinkakuyeza ndi tsaya langali, osati kagalasi kawo kopachika kaja.

Mnzanga wosonkhezera moto, Mtumbuka wopanda m'bale kuno, anadwala masiku anayi. Tinapempha thirakitala imutengere kuchipatala, kalaliki anati ikututa nkhuni. Tsiku lachisanu m'mawa anamwalira. Kwathu kuno maliro akagwa khasu limagona, munthu sugwira ntchito mnzako ali pamphasa. Ndinasiya balani, n'kupita kukakumba manda. Moto unazima, fodya yense anada bii.

Kalaliki uja, katayi m'khosi, anandiitanitsa.

"Madala, apa ndalemba negilijensi. Dindani chala."

"Ndi chilombo chanji chimenecho?"

"Chizungu, simungachimve. Dindani."

Sindinadinde. Pepalalo ndinalipinda, n'kupalasa njinga mpaka kwa Mwase, kwa mlamu wanga mphunzitsi. Anati ndi kusasamala, koma osati kuiwala chabe ayi: chinthu chili m'manja mwako, ukudziwa kuti chikudalira iwe, iwe n'kuchitayirira. Anati amanenera mayi wosiya mwana ndi zilonda, kapena wabusa wolekerera ng'ombe m'munda mwa eni.

"Koma alamu, kadindeni," anatero. "Masiku ano pakamwa n'poika chakudya basi. Ntchito ikutherani."

Ndinabwerera nthawi yoitana maina, anthu onse ali pamzere. Mawu anga siaang'ono, mpaka kunazale anamva.

"Akalaliki, chilombo chanu chija ndachidziwa. Munthu kubuula masiku anayi, thirakitala ikututa nkhuni. Pamenepo pepala lake adinda ndani?"

"Mukuyankhula ndi ndani, madala?"

"Ndi inu amene. Bweretsani chala."

Palibe anaseka, onse maso pansi. Dzuwa lisanapendeke, mphasa ndi mapoto anga zinali pamsewu. Esiteti iliyonse imene ndinkapita, mbiri yanga inkafika ine ndisanafike. Sindinawotchenso fodya, manja awa, mpaka lero.

Kalalikiyo ndikumva akadali moyo ku Boma, tsitsi mbuu ngati langali. Tsiku lake likadzafika uthenga udzandipeza. Khasu langa silidzagona.