Mkanjo wa Kompyuta ya Azakhali a Tafida

Azakhali anga a Tafida akhala akusoka mumzinda muno mwa Tanta kuyambira ali mtsikana, ndipo m'nyumba mwawo mulibe chinthu chokhala chosavala. Wailesi yakanema ili ndi chovala chake, botolo la gasi lili ndi siketi, ngakhale rimoti ili ndi kathumba ka maluwa. Ine ndimakonza makompyuta, ndiye mavuto anga mwawaona kale.

Kompyuta yawo inali ya malemu amuna awo, a Ghareeb, amene ankayimba m'maukwati. Nyimbo zawo zonse zinali mu hadi disiki ya m'menemo, kwina kulikonse kunalibe. Azakhali ankazimvetsera m'mawa uliwonse akumwa tiyi.

Mphepo ya fumbi itayamba chaka chino, anandiyimbira foni.

"Medhat, tabwera. Amalume ako akumangozima okha."

Ndinapeza bokosi lonse la kompyuta ataliveka nsalu yotuwa, yothina, ya zipi kumbuyo. Kuligwira, linali ngati mbaula.

"Azakhali, ndikuuzeni kangati? Kumbuyoku kuli fani. Imatulutsa mpweya wotentha kuti zam'katimu zisapse. Inu mwaitseka pakamwa!"

"Iwe wobadwa dzulo undiphunzitse za fumbi? Thewera lako ndinasoka ndine."

"Hadi disiki ikapsa, nyimbo zonse zapita. Simudzawamvanso amalume."

Ndinalivula nsaluyo n'kutsegula bokosilo. Fani inali itafa kale, koma hadi disiki inali ikadali moyo. Ndinaika fani yatsopano, ndinayatsa, ndipo mawu a amalume anadzaza chipinda.

Ndinatola chovalacho kuti ndikachitaye. Azakhali anandilanda mwamphamvu. M'pamene ndinaona kolala yake: unali mkanjo wa amalume, uja ankavala Lachisanu popita ku mzikiti.

"Chifuwa chawo sichinkagwirizana ndi fumbi," anatero. "Ukufuna ndiwasiye pamtetete?"

Iwo anatenga sizasi.

"Tandionetsa, amapumira pati?"

Ndinaloza. Anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali, kenako anaiboola, n'kupinda m'mphepete mwa bowolo mosamala.

Dzulo ndinapitako kukawaona. Amalume amayimba bwinobwino, koma bokosi linali litafundanso. Pabowo paja azakhali asokererapo kakatani.