Makina Onunkhira Zitumbuwa

Atate atapuma pa ntchito ya boma, sanayambe kuweta nkhuku ngati anzawo a m'dera lathu la Chelstone. Anapita ku City Market n'kubwerako ndi makina awiri akale oyendera petulo: chenso yodulira mitengo ndi bulowa youluzira masamba. Pabwalo pathu panali mtengo umodzi wokha, wa magwafa. Ndinaseka mpaka kukhala pansi.

Bulowa ndiye anali mwana wapamtima. M'mawa uliwonse atate ankathamangitsa masamba kuchoka pakhomo pathu kukawaunjika pageti pa aneba athu, Mbemba wamtali wa ku Luapula, wa pakamwa posatopa. Ife a kum'mawa ndi Abemba timachitirana chimbuya, chibale chonyozana poyera, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani.

"Shani ba mbuya!" ankakuwa aneba ali pampanda. "Mwaleta futi malabishi yanu?"

"Ni mphepo chabe," ankayankha atate, nkhope ili gwa.

Chenso imafuna oyilo wa mitundu iwiri, wosakaniza ndi petulo ndi wofewetsa tcheni. Woyambayo atate ankamuyeza mosamala ngati mankhwala a khanda. Wachiwiriyo anati palibe chifukwa chokamufunira m'tauni, poti amayi ankakazinga zitumbuwa zogulitsa pamsika. Mafuta awo akada, atate ankawasefa pakansalu n'kuthira m'makinamo. Tcheni inkazungulira bwinobwino. Kungoti chenso ikatentha msewu wonse unkanunkhira zitumbuwa, anthu n'kumasuzumira pageti kufunsa ngati zapsa.

Loweruka lina m'dzinja linali tsiku la ukwati wa mwana wamkazi wa anebawo. M'mawa mwake chimphepo chinagwetsa chimtengo cha jakaranda, chinagona chopingasa pageti pawo. Galimoto ya mkwatibwi, maliboni ali kale mbuu, inatsekeredwa mkati. Wansembe anali atachenjezeratu kuti pambuyo pawo pali ukwati wina, sadikira munthu. Mkwatibwi anali pakhonde m'diresi lake loyera, akulira.

Aneba anafika kwathu opanda nthabwala. "Ba mbuya, tithandizeniko. Mwana azachedwa ku chalichi." Ndinamva chisoni, chifukwa ndinali ndisanawaonepo akulankhula motsitsa mawu chonchi.

Atate anatuluka chenso ili m'manja, chifuwa chili patsogolo, ine pambuyo ndi sipanala. Anakoka chingwe. Zii. Anakokanso, kukokanso, mpaka thukuta kamukamu. Anamasula pulagi, kuipukuta, kuiyesa: moto unalipo. Anatsuka sefa ya mpweya. Anagwedeza thanki, petulo analimo. Alendo a ukwati anatizinga, aliyense ndi nzeru zake, ngakhale azakhali ena amene sanagwirepo makina chibadwire. Kenaka atate anatsegula chivundikiro cha m'mbali. Kapaipi kopititsa petulo ku injini kanali kotafunidwatafunidwa, pambali pake pali timanyi takuda. Fungo la zitumbuwa lija linali litaitana makoswe m'kanyumba kosungiramo zida.

Aneba anawerama, anayang'anitsitsa, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Bwelani muone!" anakuwa. "Ndiwo zawo zabwezela! Mbeba zadya mashini!"

Kunali phwete! Amayi ena anayamba nthungululu. Mkwatibwi anaseka misozi ikadali m'masaya. Ine ndinagwira mpanda kuti ndisagwe.

"Aya ni makoswe, si mbeba!" anakalipa atate. "Ise sitidya makoswe!"

Apo ndiye anaonjezera moto. Ngakhale amayi anawathawa amuna awo, kukasekera kuseri kwa galimoto.

Atate anangopita kunyumba n'kubwera ndi bulowa yawo. Anaiyang'ana kanthawi ndithu, kenaka anaimasula, kuzula kapaipi kake, kukadula pang'ono ndi mpeni n'kukalowetsa m'chenso. Atakoka chingwe makina anatsokomola, n'kubangula. Utuchi unauluka, fungo la zitumbuwa linadzaza msewu, amuna n'kumakokera zipika pambali atavala masuti. Galimoto inatuluka hutala ikulira, ndipo mkwatibwi anakalowa m'tchalitchi wansembe asanatseke buku. Bulowa sinalirenso. Atate ankati kapaipi koyenera sikakupezeka, koma sindikumbuka atapita kukafuna.

Atate atamwalira, pamaliro panasowa nkhuni zophikira ndi zoti amuna aziwotha panja. Masana aneba anafika, tsitsi litayera tsopano. Anatipaka ufa kumaso monga amachitira anzathu a chimbuya pamaliro, n'kulunjika kukanyumba ka zida kaja. Atatuluka ndi chenso anaima pazenera la chipinda chimene amayi anakhala pansi ndi amayi anzawo.

"Ba mayo, nipatseniko saladi ija yakuda," anatero, kutanthauza mafuta a zitumbuwa aja.

Anakadula zipika za jakaranda uja, zimene zinali zikadali kuseri kwa nyumba yawo. Fungo litalowa m'nyumba ya maliro, amayi anayamba kuseka, ine n'kutsatira, ndipo tinaseka tikulira mpaka amayi a mpingo anasiya nyimbo pakati. Ndinawasowa atate nthawi imeneyo kuposa pa tsiku limene anatisiya.

Nditatuluka ndinapeza aneba atazimitsa makina, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Ni utsi chabe," anatero, osandiyang'ana.