Laibulale ya a Efulemu

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, pakhonde la kasitolo kena pa Mitundu, Masozi analonjeza.

Anali atalephera mayeso a Fomu 4 kawiri, akugulitsa mbatata yootcha pafupi ndi a Efulemu, okonza makompyuta. Mkuluyu ndiye anamuphunzitsa kulemba mapulogalamu pa laputopu yosweka galasi. A Efulemu anali atalembanso okha laibulale, kapulogalamu kolumikiza webusaiti ndi nkhokwe yosungira deta.

"Mwana wanga, zakunja zisiye. Iyi ndi yakwathu. Usadzaitaye."

"Sindidzaitaya, aphunzitsi, zivute zitani."

Masozi analimbikira, dzanja lina pa mbaula, lina pa laputopu. Anyamata a kabaza ankamuseka: "Injiniya, tipatseni yopsa bwino!"

Patapita zaka, bungwe la alimi ku Nathenje linamupatsa ntchito yopanga webusaiti yosunga mayina a alimi mazana asanu ndi minda yawo, kuti pogawa mbewu pasamatsale munthu. Anaimanga pa laibulale ya aphunzitsi ake. Sanafunse kuti ikadzafuna kukonza adzaikonza ndani. Kwathu kuno funso lotero safunsa mkulu. Zili ngati kumufunsa tsiku la maliro ake.

A Efulemu anapita ku Joni, foni n'kusiya kulowa. Mitundu nayo inasintha: mitengo ya mthunzi inathera m'matumba a makala, ndipo kasitolo kaja lero amagulitsiramo kachasu.

Chaka chatha, pulogalamu yaikulu yomwe webusaiti yonse imatsamirapo inatuluka yatsopano, yakale n'kusiya kutetezedwa. Laibulale ya a Efulemu inakana kugwirizana nayo. Mitambo inali itayamba kuda, mbewu zili m'matumba, mayina osatseguka.

Mayi Zipora, wapampando wa bungwe, anafika atamanga chitenje m'chiuno.

"Iwe Masozi, tidzala kompyuta yakoyo? Anzathu ku Diamphwe alandira kalekale."

"Amayi, amene analemba chipangizochi sakupezeka."

"Ndiye unatimangira nkhokwe, makiyi n'kupatsa munthu wa ku Joni?"

Masozi anatsegula laputopu yake. Anayamba kusaka laibulale ina. Inalipo laibulale yatsopano, yaliwiro, yotamandidwa pa intaneti, koma woisamalira anali mmodzi. Anaidumpha; nthenda imeneyo anali ataidwala kale. Anasankha ina yakale, yosakopa maso, yosamalidwa ndi anthu ambiri, yomwe eni ake analemba poyera kuti apitiriza kuikonza kwa zaka zingapo. Kwa masiku khumi ndi awiri analembanso zonse. Alimi analandira mbewu mvula yoyamba itagwa kale, koma palibe amene anabwerera chimanjamanja.

Lero mabungwe atatu amadalira ntchito yake. Inu amene mudakali pa mbaula, musagwe mphwayi. Dzukani ndithu, koma musanatsamire mtengo, funsani amene amauthirira.

Lachisanu lomwe alimi analandira mbewu, Masozi anafufuta laibulale ya a Efulemu.