Mizinga ya Denga la Sitandade 6

Ku Luwawa mwezi wa Juni kuzizira kumalawira kuposa tambala. Ndikukumbukira tikutsika kuchokera ku malayini a anthu ocheka matabwa, komwe bambo anga, munthu wa ku Dedza, ankagwira ntchito. Manja tinkabisa m'khwapa, chifunga chitakuta mitengo ya paini moti mnzako unkamudziwa ndi mawu okha. Fungo la utuchi ndi utomoni linkatiperekeza mpaka pa sukulu.

Ine ku koleji ndinapitako. Ndinakhalako pang'ono, kenako ine ndi koleji tinagwirizana zosiyana mwamtendere, popanda kuvutitsa ankhoswe. Koma pa zipinda zonse zophunziriramo zomwe ndinalowamo, ndi zomwe ndinatulutsidwamo, palibe chomwe ndimachisowa ngati kalasi yathu ya Sitandade 6.

Denga lake silinali la malata wamba. Linali la asibesitosi, malata okhuthala otuwa ngati simenti, ofoleredwa ife tisanaganiziridwe n'komwe. Mvula ikabwera, m'makalasi enawo aphunzitsi ankagonja ndi phokoso n'kukhala pansi, koma mwathu inkagwa mwaulemu ngati munthu woti odi pakhomo. Munali mofunda. Kungoti dengalo linali litakalamba. M'mphepete linkanyenyeka, ndipo m'mawa tinkapeza fumbi loyera pa madesiki, lomwe tinkayamba talembapo mayina athu ndi chala tisanapukute ndi mkono wa juzi. Mtanda umodzi unadyedwa ndi chiswe, ndiye a Hedi anauchirikiza ndi mtengo wa paini pakati penipeni pa kalasi. Mtengowo tinkauwerengera ngati mnzathu. Sunajombepo.

Zidutswa zogwa padenga zinali chuma. Atsikana ankasewerera phada. Ife anyamata tinali ndi ntchito yapamwamba. Ukaponya chidutswa pa moto womwe tinkawotha kuseri kwa kalasi, chinkakhala phee kwa kanthawi, kenako n'kuphulika ngati mfuti. Mkulu wa mizinga ndinali ine. Sanandisankhe munthu, luso linkangooneka lokha. Wachiwiri wanga anali Wongani, mwana wa komweko, yemwe ankandiphunzitsa Chitumbuka, makamaka mbali ya zotukwana.

Madamu Nyasulu anabwera chaka chimenecho atangotuluka ku koleji, yomwe iwo anamaliza. Ankavala juzi yofiira yonunkhira sopo, ndipo anali mphunzitsi woyamba kutchula dzina langa lonse, Madalitso, popanda chikwapu kutsatira pambuyo. Tsiku lina anamupeza Wongani akupala chidutswa ndi msomali kuti apange choko. Anamulanda, n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali. Anatiuza kuti fumbi limenelo likalowa m'mapapo silituluka, limakhala chete zaka zambiri n'kudzamudwalitsa munthu atakula kale. Ife titamva zoti atakula kale mitima inakhala pansi, poti kukula kunali kutali. Analamula kuti tiziwaza madzi tisanasese. Za mizinga sanadziwe, chifukwa za usilikali sauza anthu wamba.

Anakauza a Hedi. A Hedi anati dengalo laphunzitsa anthu omwe lero ndi mabwana ku Lilongwe. Anakauza a komiti ya sukulu. A komiti anati mwana wa dzana sangaphunzitse akulu kufolera. Ndiye tsiku lina madamu anakwera lole ya matabwa kupita ku boma, ku Mzimba, kukanena ku ofesi ya maphunziro za denga, za mtanda, ndi za mng'alu wa khoma womwe tinkapatsiranapo chimanga chokazinga ndi a Sitandade 5.

Nkhani itamveka kunatentha. Amayi anabwera nazo kuchokera ku chigayo zoti madamuwo akufuna kutseketsa sukulu. A komiti anagamula kuti mlendo wa ku boma akabwera n'kupeza zonse zili bwino, madamu apakire, sukulu siingasunge munthu woichititsa manyazi kwa alendo. Ine zimenezi zinandilowa. Kutsekedwa kwa kalasi sindinkakuopa. Ndinkaopa kutsala ndi a Hedi okha.

Tsopano, kwathu mlendo salandiridwa pa zinyalala. Chimenechi si chinyengo, ndi ulemu. Sabata imeneyo maphunziro anaima. Tinapaka laimu miyala, mitengo, ndi galu wa a Hedi mbali imodzi mwangozi. Mng'alu unamatidwa dothi, pamwamba pake n'kupachikapo mapu a Malawi. Mtengo wapakati uja unavekedwa nsalu ndi maluwa, n'kuoneka ngati tinauika dala. Kudenga azimayi anamangako mikeka ndi nthambi za paini. Zidutswa zonse zinatoledwa n'kukatayidwa m'chimbudzi, kupatula zomwe zinali m'matumba mwanga, poti msilikali sasiya zida. Madamu ankangoonerera atapinda manja.

Mlendoyo anafika pa njinga yamoto, bambo wonenepa wa jekete lachikopa, mphuno ikuchucha ndi kuzizira. Tinamuimbira, azimayi anamupatsa tiyi. Analowa m'kalasi mwathu, anayang'ana mikeka, anayang'ana maluwa, n'kunena kuti sanaonepo kalasi yosamalika chotere. A Hedi anawerama n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, bwana." Madamu anayesa kupempha kuti achotse mkeka umodzi wokha, koma a pampando wa komiti anayambitsa nyimbo ina. Mlendo anatuluka n'kuyamba kuvala magolovesi ake. Ndinaona madamu atayang'ana pansi, akutsina m'mphepete mwa juzi yawo.

Ndikanakonda kunena kuti zomwe ndinachita ndinachita pofuna kupulumutsa madamu. Olemba mbiri adzalemba choncho, ndipo sindidzawatsutsa. Zoona zake n'zakuti mlendo wamkulu chotere ankachoka osamuwombera mizinga, ndipo ine monga mwini udindo ndinaona kuti sukulu ichita manyazi. Ndinamukodola Wongani. Pomwe anaphikira tiyi makala anali akadali ofiira. Tinakhuthulirapo matumba onse.

Zinaphulika motsatizana, mokoma kuposa masiku onse. Mlendo anapezeka kuseri kwa njinga yake, a pampando ali m'maluwa. Atadzuka n'kudzisansa, mlendoyo anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Ndinaima njo, manja m'mbali.

"Ndi denga, bwana," ndinatero. "Likagwa timatola."

"Limagwa kawirikawiri?"

"Mbwenu tsiku lililonse, bwana," anayankha Wongani. "Mukafuna zina tigwedeze mtengo uja."

Mlendo anavula magolovesi. Analowanso m'kalasi, anakwera yekha pa desiki n'kukoka mkeka. Fumbi loyera linatsika pang'onopang'ono n'kutera pa jekete lake. Anatseka mphuno ndi mpango n'kutiuza tonse kuti tiime patali. Pa zenera tinamuona akuvula mtengo uja nsalu, kenako akusuntha mapu. Analankhula ndi a Hedi motsitsa mawu nthawi yaitali, ndipo pochoka anawapatsa madamu chanza ndi manja awiri.

Kalasi inatsekedwa tsiku lomwelo, chitseko atachimanga ndi waya. Ine a Hedi anandipatsa ulemu wa zikwapu pamaso pa sukulu yonse. Madamu anapambana, ndipo ife tinasamukira pansi pa mitengo ya paini, m'kati mwa chisanu. Bolodi tinakhomera pa mtengo. Zala zinkakana kugwira cholembera, mame ankanyowetsa makope, ndipo ena anayamba kujomba mpaka dzuwa lituluke. Makolo sanakhululuke. Palibe amene anawathamangitsa madamu, poti boma linali litavomereza mawu awo, koma moni anachepa. Pa msika tomato ankatha akangofika iwo. Anapirira mpaka teremu inatha, akutiphunzitsa atavala majuzi awiri, kenako anapempha okha kusamuka. Anachoka pa lole ya matabwa, matiresi atamangirira pamwamba. Operekeza tinali ana okhaokha, ndipo tinathamangira loleyo mpaka fumbi linatibweza.

Lero pamalopo pali buloko ya njerwa zowotcha ndi malata owala. Denga lakale anadzalichotsa anthu ovala zophimba pakamwa, ife titachoka kale. Masiku ano mphunzitsi akaona mng'alu amangojambula pa foni n'kutumiza ku boma, osakwera lole, osasowa tomato. Zoti amayankhidwa kapena ayi ndi nkhani ina. Ndimadziwa kuti chipinda chomwe ndimachilakalakacho chinkatidya mwakachetechete, koma mtima sunapite ku koleji, ndiye umangochilakalakabe.

Chaka chatha ndinakumana nawo madamu pa depoti ku Mzimba, akudikira galimoto ya ku Euthini, imvi zitayamba. Anandizindikira ndisanadzitchule. Ndinakonza pakhosi kuti ndifotokoze za koleji, poti ndili ndi mfundo zosanja bwino za momwe maphunziro apamwamba sanandikonzekere. Iwo anangokupiza dzanja.

"Zimenezo zisiye, Madalitso. Pachifuwa pali bwanji? Sukutsokomola?"

Ndinati ayi. Anafunsa za Wongani, ndinati ali ku Joni, amatumiza zithunzi atanenepa. Anapitiriza dzina ndi dzina, desiki ndi desiki, momwe tinkakhalira, mpaka ena omwe ine ndinawaiwala kalekale. Pa aliyense funso linali lomwelo. Kondakitala anaitana, anaitananso, analiza bele. Galimoto inanyamuka kuwasiya, iwo asanafike pa mayina a mzere wakumbuyo wa m'kalasi.