Ndinasiya Mapiritsi a Mtima Chifukwa cha Manyazi M'tchalitchi

Inu owerenga, matenda a mtima sindinawaitane, koma chimene chinandigwetsa ndinachita ndekha, ndipo ndikuvomera.

Ndine mlimi wa ku Chezi. Kwa zaka zambiri ndinkatsogolera mapemphero pa tchalitchi chathu chaching'ono masabata amene bambo mfumu sanabwere. Fodya ndalima moyo wanga wonse, koma sindinamuikepo pakamwa. Mowa ayi. Ndiwo zanga zinali nkhwani wotendera, chisoso ndi nyemba. Mafuta ophikira tinkawaona pa Khirisimasi. Njinga yanga inkakwera zitunda za ku Ntchisi thumba la mtedza lili kumbuyo, anzanga atatsika akukankha zawo. Ndinkawaseka kuti anakulira mandasi. Masiku amenewo ndimawasowa, sindibisa.

Ndiye nditayamba kupuma mwawefuwefu ndi kutupa mapazi, ndinati n'kutopa kwa nyengo yokolola. Mkazi wanga ndiye anandikakamiza kupita ku chipatala cha mishoni. Adokotala atandipima anati mtima wafooka, sukupopa bwino magazi. Ndinatsutsa, n'kuwatchulira zonse zimene sindidya ndi kumwa. Anamvetsera modekha, kenako anafunsa kuti bambo anga anamwalira bwanji. Bambo anagwa m'munda khasu lili m'manja, ife tinangoti ndi imfa yadzidzidzi.

Anandipatsa mapiritsi, ena mwa iwo ochotsa madzi m'thupi. Anandithandiza ndithu, mapazi anaphwa. Koma ukawamwa m'mawa, sipatha ola usanafune kukataya madzi. Lamulungu lina ndinasiya ulaliki pakati, n'kutuluka mpingo wonse ukundiyang'ana. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo kuti andibisire manyazi, komabe aliyense anadziwa kumene ndinkathamangira. Titaweruka, mlamu wanga anandipatsa moni akuseka.

"Alamu, lero mwalalika mwachidule. Mulungu akudalitseni!"

Ndinaseka naye, koma zinandiwawa.

Ndinayamba kudumpha mapiritsi Lamulungu lokha. Nyengo ya Lenti itafika, mapemphero anachuluka, maliro oti nditsogolere nawonso osatha, basi ndinasiyiratu. Ndinkadziuza kuti thupi losadziwa mowa ndi fodya lidzichiritsa lokha. Mkazi wanga akafunsa, ndinkati ndamwa kale.

Kwathu Lachisanu Loyera timakwera phiri ndi mtanda wa bulugamu, kuima malo khumi ndi anayi. Chigawo chomaliza, chokwera kwambiri, chinali changa chaka ndi chaka. Tsikulo mkazi wanga anandigwira dzanja, maso ali pa mapazi anga amene anali atatupanso.

"Abambo, chaka chino asenze ena."

"Amayi, musandichititse manyazi pagulu," ndinayankha.

Ndinausenza. Ndimakumbukabe kamphepo ka pamwamba paja, chimanga chitakhwima m'minda ya kumunsi, nyimbo ikubwera kumbuyo kwanga. Ndinali wokondwa kwabasi. Kenako chifuwa chinathina ngati wina wachimanga ndi luzi, maso anachita mdima. Amuna anayi ananditsitsa phirilo pa chitenje.

Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala, chipangizo cha mpweya chili pamphuno. Adokotala anati madzi anadzaza m'mapapo, ndipo mtima wawonongeka kuposa poyamba. Anati ndikanapitiriza kumwa mankhwala bwenzi ndikugwirabe tintchito ta kumunda, koma mphamvu yatayikayi sibwereranso. Anawonjezera kuti ndikanangowauza vuto langa, akanandisinthira nthawi yomwera kuti ndizimwa mapemphero atatha. Zinali zophweka chonchi, ine osafunsa.

Mkazi wanga anapeza mapiritsiwo m'thumba la jekete yanga ya ku tchalitchi. Sanandikalipire. Anangowaika pabedi pafupi ndi dzanja langa n'kutuluka, ndipo ndinamumva akulira pakhonde. Mpaka lero kulira kumeneko kumandipweteka.

Inu owerenga, kudya bwino ndi kugwira ntchito n'kwabwino, musasiye. Koma funsani akuluakulu kuti makolo anu anapita ndi matenda anji, chifukwa mtima wina umafooka ngakhale mwini wake sanalakwe. Mukapatsidwa mankhwala, imwani, ndipo akakuvutani bwererani mukanene. Kutuluka m'tchalitchi kukataya madzi si tchimo. Ine ndinachita manyazi ndi kamtunda kochoka paguwa kukafika kuchimbudzi. Lero kamtunda komweko ndimapuma kawiri ndisanakamalize.